Ndadya Dzuwa Lili Paliwombo

Lachiwiri, 11 Marichi

Andigoneka m'wodi ya amuna, bedi la pawindo. Ndizilemba pang'ono tsiku lililonse kuti masiku a Ramadhani amene ndiphonye muno ndisawasokoneze, ndidzabweze ndikachira. Mutu wa munthu wodwala suwerengeredwa.

Chandibweretsa ndi phazi lamanzere. Ndinaponda chitsa cha bango m'munda wanga wa mpunga ku Likangala, osamva kanthu, ndinangoona magazi pamatope. Ndakhala ndikumanga ndi kansalu. Dzulo phazi linatupa ngati dzungu, chala chachikulu chada bii, ndipo fungo lake linachititsa mayi a kunyumba, Abiti Sumani, kutsegula zitseko zonse. Matenda a shuga ndakhala nawo zaka zingapo, koma mwezi uno mapiritsi a m'mawa ndinawasiya chifukwa cha kufunga, kusala kudya kwathu kwa Ramadhani.

Apima, shuga 436. Adokotala, a msinkhu wa mwana wanga Rukaya, anandifunsa, "Bambo, mwafunga lero?" Ndinati inde. Iwo anati, "Kuyambira pano, ayi." Anandiika dilipi masanasana. Tsiku lapita choncho.

Ine Twaliki Bwanali! Ine amene ndimadzutsa mudzi wonse kuti anthu adye daku asanayambe kufunga, woyenda khomo ndi khomo ndikumenya chigubu, kutchula maina a aulesi mpaka ayatse nyali. Lero ndadutsa pamzikiti nditakwezedwa pa kabaza, phazi lili lende. Ndinabisa nkhope m'chipewa. Manyazi andigwira.

Lachitatu, 12 Marichi

Shuga m'mawa 352. Andiyambitsa jakisoni wa shuga, insulini, m'mawa ndi madzulo, amabaya pamimba. Wina wa chilonda amalowetsa pa kachubu ka padzanja. Mapiritsi andiletsa kaye. Anesi a wodi ino ndi Sisita Cecilia, mayi wamfupi koma mawu ngati belu la sukulu. Anandiuza kawiri: "Jakisoni uyu akalowa, chakudya chitsatire. Mukapanda kudya akugwetsani." Ndinavomera ndi mutu.

Abiti Sumani anabweretsa phala la mgaiwa lopanda shuga kuchokera kukhitchini ya magadiyani. Iwo afunga, milomo yauma gwa, koma supuni akupatsa ine. Ndinatembenukira kukhoma n'kudya. Chondipweteka n'chakuti phalalo linakoma. Ndinamaliza mbale yonse, Mulungu andikhululukire.

Bedi la kumanja kwanga kuli a Lameki, Mlomwe wa ku chilumba cha Chisi, Mkhristu. Anathyoka ntchafu atagwa padenga la tchalitchi chawo akufolera. Mwendo aumangirira chingwe, kumapeto kwake kukulendewera thumba la mchenga. Alibe gadiyani: akazi awo anamwalira, mwana ali ku Joni. Amangodya nyemba za chipatala, koma pakamwa sipapuma. Atamva dzina langa anati, "Ndinu a chigubu aja? Ife ku Chisi mphepo ikachokera kumtunda timakumvani, timadzuka nanu limodzi, koma ife timadzukira kukutukwanani!" Anaseka mpaka thumba la mchenga linagwedezeka. Ine sindinaseke.

Lachinayi, 13 Marichi

Shuga 281. Dilipi achotsa. Atsuka chilonda ndi madzi amchere, achotsa mnofu wakufa ndi kalumo. Sindinamve ululu, ndipo adokotala ati kusamvako ndiye koipa.

Ndakhala ndikuganiza tsiku lonse. A Shehe Mkwanda a kumzikiti kwathu anatiphunzitsa kuti jakisoni wa mankhwala samasula kufunga, chifukwa sadutsa pakhosi ndipo sakhutitsa munthu. Ndinamva ndi makutu angawa. Tsopano taonani: mankhwala anga onse ndi a jakisoni. Dilipi yachoka. Chatsala n'chiyani? Mbale basi. Kodi si Mulungu amene wanditsegulira njira pamenepa? Adokotala za shuga amadziwa, sindikukana, koma za kufunga anaphunzira kuti?

M'mawa magadiyani amawatulutsa akangotula chakudya, kuti akolope ndiponso adokotala azungulire. Masana Abiti Sumani amasiya mbale n'kupita kukachapa ndi kukaswali kunja, nthawi ya pemphero ikakwana. Mpata ulipo.

Sindingabwerere kumudzi Idi itayandikira, anthu n'kumalozerana kuti suyo wachigubu uja, amadzutsa anzake iye akudya masana.

Lachisanu, 14 Marichi

Ndafunga. Ndinasunga mbatata ziwiri za dzulo, ndinadya kusanache n'kumwera madzi. Jakisoni wa m'mawa ndinalandira ngati mwana womvera. Phala litafika, Abiti Sumani atatuluka, ndinakankhira mbale pa kabati ka a Lameki.

"Nanga inu?" anafunsa.

"Ndikumva nseru. Likazizira litayidwa."

"Kutaya phala la mgaiwa chaka chino ndi tchimo m'mipingo yonse," anatero a Lameki, n'kulimwa. Masana anadyanso nthochi zophika ndi matemba. Mbale ndinazibweza pa kabati kanga zili mbee.

Shuga madzulo 148. Adokotala anati, "Mwaona, bambo? Mukamvera zimayenda." Ndinayang'ana pansi. Koma mumtima munali kachimwemwe, sindibisa. Dzuwa litalowa kuseri kwa phiri ndinamasula ndi madzi mwakachetechete, Abiti Sumani akumasulanso panja pakhonde, osadziwa kuti tili limodzi.

Lamlungu, 16 Marichi

Shuga m'mawa 190, madzulo 79. Sisita anakweza nsidze n'kufunsa ngati ndadya masana. Ndinaloza mbale.

Dzuwa likapendeka thukuta limatuluka lozizira, manja amanjenjemera, mtima umathamanga. Ndimafunda bulangete n'kumatchula maina a Mulungu mpaka zidutse. Kufunga kunayamba kwakhalapo kopanda njala?

Abiti Sumani akondwa. Anati, "Alhamdulillah, mwayamba kudya bwino, bambo a Rukaya. Mawa ndikuphikirani mlamba wouma." Ine ndinageya dala kuti akhulupirire. Munthu wa imvi ngati ine kugeya mpweya wopanda kanthu pamaso pa mkazi wake, asa!

Atatuluka, a Lameki anandiyang'anitsitsa. "Che Twaliki, ine masaya akutuluka, inu maso akulowa. Nseru yanuyi ndi yanzeru bwanji, imatha dzuwa likangolowa?"

"Idyani, achimwene, mafunso ndi a kupolisi."

"Ine za Chisilamu sindizidziwa," anatero. "Koma Sisita ananena zija tonse tikumva."

Anadyabe. Njala ilibe mpingo.

Lachiwiri, 18 Marichi

Dzulo ndinagwa. Dzanja silikugwira bwino cholembera. Ndikudya.

Lachitatu, 19 Marichi

Shuga m'mawa 233. Insulini achepetsa. Akupima kanayi pa tsiku tsopano, zala zonse zabooka.

Ndilembe zimene zinachitika Lolemba, ngakhale ndikanakonda zitafufutika.

Kunatentha kwambiri. Mlamba uja anadya a Lameki. Chakumasana ndinaona khoma likusuntha, ndinafuna kuitana koma lilime linalemera. Kenako mdima.

Ndinatsitsimuka ndikumva kutsekemera m'kamwa. Anali Abiti Sumani akundipaka shuga m'nkhama ndi chala, akulira, "Bambo a Rukaya! Bambo a Rukaya!" Padzanja Sisita akukankha jakisoni wamkulu wa madzi a shuga. Ndinamva akuuza mnzawo kuti shuga watsika kufika 34, kuti akanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Maso anga anali otseka, koma makutu anali atadzuka kale.

Ndiye Sisita anatembenukira kwa Abiti Sumani. Mantha anali atawasandukira mkwiyo. "Mayi, munthu uyu m'mimba mulibe kanthu! Chakudya mumamupatsa, kapena mumadya nokha kukhitchiniko? Gadiyani wanji inu? Mukufuna atifere pano?"

Ndinamva mawondo a Abiti Sumani akugunda simenti. "Pepani, Sisita. Ndimabweretsa."

"Mukanabweretsa sakanagwa!"

"Pepani."

Ndikanatha kutsegula maso. Ndikanatha kunena mawu awiri okha, kuti ndine. Sindinatero. Ndinagona phee ngati ndikanali wokomoka, mayi amene wandisunga zaka zonsezi akukalipiridwa ngati kamwana kakuba. Paja amati fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Kuyambira pamenepo Abiti Sumani satuluka mpaka ndimeze supuni yomaliza, Sisita alola. Akuganiza kuti mwina ndinkasanza iwo osaona, akudziimba mlandu. Ndamva kuti kukhitchini amayi anzawo akusuntha mapoto awo, akunong'onezana kuti suyo wodya za wodwala.

Madzulo ano a Lameki alankhula osandiyang'ana. "Che Twaliki, chakudya chanu ndadya nawo, koma bodza lanu sindidya nawo. Munene nokha mawa adokotala akamazungulira. Mukapanda kunena, ndinena ine."

Lachinayi, 20 Marichi

Shuga 205. Chala chanunkha kwambiri, kuda kwakwera. Mawa achidula. Andisainitsa.

Adokotala anafika, anaona phazi, anapita. Ndinkati ndiyambe kuulula, koma ndinawasiya apite.

Sisita akudutsa ndi thireyi ya mankhwala, a Lameki anawaitana. Ananena zonse, mokweza, kuyambira phala la Lachisanu mpaka mlamba wa Lolemba. Anamaliza ndi kuti, "Mayi aja alibe mlandu. Wakuba ndine, wotsegula chitseko ndi awa."

Ndinadikira belu lija kuti lindilirire m'khutu. Sisita sanakweze mawu. Anaima kumiyendo kwa bedi langa nati, "Bambo, mukanafera m'manja mwanga, ine ndikanakhala nazo moyo wanga wonse." Anaika thireyi pansi n'kupita kukhitchini ya magadiyani. Akuti anakawagwira dzanja Abiti Sumani pamaso pa amayi onse aja n'kupepesa. Sisita, mwana wamng'ono kwa ine, wa mpingo wina, wolakwa chifukwa cha bodza langa, anatha kunena pepani tsiku lomwelo. Ine mpaka pano.

Abiti Sumani analowa, anaima, anayang'ana mbale ili pa kabati, anayang'ana ine. Anangoti, "Ndiye kugeya kuja?" Basi. Ndikanakonda akanandimenya ndi chipande.

Masana anabwera ndi mbale ziwiri, ina anaika kwa a Lameki. A Lameki anakana, misozi ili m'maso. Abiti Sumani anati, "Idyani, bambo. Iyi ndakupatsani ndine."

Loweruka, 22 Marichi

Chala anadula dzulo. Anabaya pamsana, miyendo inafa, ndinkangomva kulira kwa zitsulo. Lero ululu wadzuka. Shuga 176. Jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo. Atenga magazi ndi mkodzo kuti apime impso.

Ndikuswali chogona, ndi maso ndi mutu. Ndikafika popempha chikhululuko sindidziwa poyambira.

Abiti Sumani amandisambitsa, amandidyetsa, amataya chikopo cha mkodzo. Mawu ndi "dzukani", "tsegulani", "gonani". Dzina langa sakulitchula.

Lolemba, 24 Marichi

Shuga 162. Chilonda chafiira bwino, ati chikupola. Koma za magazi zabwera: impso zatopa. Mchere andiletsa, insulini ndi wa moyo wonse.

Ndinawauza adokotala kuti ndamva, kufunga ndasiya kaye, masikuwa ndidzabweza mu Juni kukazizira, dzuwa likamalowa msanga.

Anakhala pansi pa bedi, chinthu chimene sanachitepo. "Bambo, sindikufuna kukunamizani. Juni ayi, chaka chamawa ayi. Ndi shuga uyu ndi impso izi, tsiku limodzi lopanda madzi likhoza kukutengerani phazi lonse, kapena inuyo. Kufunga kwanu kwatha."

Kwatha! Chala atadula sindinalire. Lero ndalira, ndinadzifunditsa bulangete kumutu. Munthu wophonya amabweza. Nanga wosatha kubweza akaima bwanji pamaso pa Mwini wake? Ndinayamba kufunga ndisanamere ndevu. Ndikachotsa zimenezo, Twaliki watsala ndani?

Madzulo ndinayesa kulankhula ndi Abiti Sumani akupinda zovala. Ndinatsitsa mawu. "Zija zinachitika zija..."

"Ziti?"

"Mukuzidziwa."

Anapinda malaya mpaka kumaliza. "Munandivula pagulu, bambo a Rukaya. Musandivekere kuseri kwa chitseko." Anatenga beseni n'kutuluka.

Lachiwiri, 25 Marichi

Shuga 158. Atsuka chilonda, ayamba kundiyendetsa ndi ndodo mpaka pakhomo la wodi.

Kunabwera a Shehe Mkwanda pa njinga yawo yopanda mabuleki, mkanjo wonse matope. Abiti Sumani anali atawauza kale zonse panja. Anapereka salamu, anapatsa moni a Lameki, anakhala.

Ndinayamba ndine, poti wolakwa amathamangira kutsogolo. "Ashehe, si inu munati jakisoni samasula?"

"Ndinatero. Tsiku lomwelo ndinanenanso kuti wodwala asafunge. Khutu lanu linatola limodzi, linalo linagwera m'nyanja?"

A Lameki anatsokomola pofuna kubisa phwete.

Ndinawauza za adokotala, kuti ngakhale kubweza sindidzabweza. Anati, "Wodwala wochira amabweza akachira. Wodwala wosachira sabweza ndi mimba yake, amadyetsa wosauka pa tsiku lililonse limene waphonya. Mpunga wanu ukacha ku Likangala mudzapatule, ndidzakuonetsani muyeso. Ukapanda kucha, Mulungu sasenzetsa munthu katundu woposa khosi lake."

"Koma zimenezo ndi za nkhalamba zogona m'nyumba, Ashehe. Ine?"

"Inu ndinu ndani? Che Twaliki, apongozi atakutumizirani nkhuku, inu n'kuibweza kuti ine sindisowa, umenewo ndi ulemu? Chilolezo cha wodwala ndi mphatso. Inu munaibweza pakhomo, n'kumati mukusangalatsa Mwini wake. Munkafungira Mulungu, kapena maso a anthu a kumudzi?"

Ndinafunsa chimene chakhala chikundidya. "Andikhululukira?"

"Za pakati pa inu ndi Iye, pemphani, khomo lake silitsekedwa, ndipo Iye satopa msanga ngati ife. Koma za pakati pa inu ndi Abiti Sumani, Iye amadikira mwini wake ayambe wamasula."

Ponyamuka anandiuza za kumudzi. Nkhani inafika kumeneko miyendo ili m'mwamba. Wakabaza wina anakanena kuti Twaliki anafunga ngakhale pabedi la chipatala mpaka kukomoka. Che Wilisoni, amene atenga chigubu changa, akuimba dzina langa m'mamawa. Anyamata akuti ndine mkango. Che Ndembo, odwala chifuwa chachikulu, anasiya mankhwala a m'mawa, ati akutsatira ine.

"Kawauzeni zoona, Ashehe."

"Che Ndembo ndawakalipira kale, ayambiranso kumwa. Zinazo ndi zanu. Lachinayi akubwera gulu kudzakuonani."

Ndilembe ichinso. Atanena kuti mkango, mtima wanga unakoma. Pambuyo pa zonsezi, unakoma ndithu. Asitaghafirullah, Mulungu andikhululukire.

Lachitatu, 26 Marichi

Shuga 149. Ndayenda mpaka pakhonde. Phiri la Chisi likuoneka bwino, madzi adzaza m'nyanja chaka chino.

Nthawi yoona odwala ndi yomweyo ya chakudya cha masana. Ndinaganiza zopempha Sisita kuti mawa ndidye msanga alendo asanalowe. Palibe angadziwe, ndipo si bodza. Ndinawaitana. Atafika ndinangopempha madzi akumwa.

A Lameki ati, "Mawa ine ndigona tulo, ndilibe maso, ndilibe makutu." Sindikudziwa chimene ndidzachite.

Lachinayi, 27 Marichi

Shuga m'mawa 155, masana 92.

Anabwera amuna asanu ndi mmodzi a kumzikiti kwathu, atavala mikanjo ndi zipewa ngati akupita ku mapemphero a Ijuma, milomo yotuwa ndi ludzu la panjira. Ena anakhala pabedi, ena pansi. Che Wilisoni anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mwatikweza, Che Twaliki. Ana athu tikuwauza kuti Chisilamu ndi ichi. Chala chapita, koma Ramadhani simunaisiye." Enawo ankavomera, eee, eee, mashallah. Ine ndinali chete, ndipo chete wangayo ankamutenga ngati kudzichepetsa.

Sisita anabwera, anabaya chala, anawerenga. "92, ukutsika. Nthawi yakwana, bambo." Anangondiyang'ana n'kupita.

Pakhomo panatulukira Abiti Sumani ndi mbale yovundikira. Ataona amunawo anaima. Ndinawaona akubisa mbale m'chitenje n'kuyamba kubwerera chambuyo. Pambuyo pa zonse ndinawachitira, anali akufunabe kundiphimba.

Che Wilisoni anaseka. "Bwererani nayo ndithu, mayi. Simukuwadziwa amuna anu? Awa sadya masana, ngakhale adokotala agwade."

Onse anaseka. Ine thukuta linali litayamba, sindikudziwa ngati linali la shuga kapena la manyazi.

Ndinati, "Abiti Sumani, bwerani nayo."

Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana. Ndinabwereza mokweza. Anabwera, anagwada, anavundukula: maungu ndi masamba a nyemba. Anandithira madzi m'manja.

Ndinati, "Abale anga, zimene munamva si zoona. Ndinaletsedwa kufunga, adokotala analetsa, chilamulo cha chipembedzo chinandilola kudya, ine ndinakana chifukwa choopa pakamwa panu. Ndinkanamiza mayi awa, chakudya ndinkapatsa achimwene awa. Nditagwa, Sisita anakalipira mayi awa, atagwada pamalo pomwe mwakhalapo Che Wilisoni, ine ndikumva, nditatseka maso dala. Mkango sutero. Ndipo kufunga sindidzafunganso, chaka chino kapena china." Ndinatembenukira kwa iwo. "Abiti Sumani, ndinakulakwirani. Pepani. Ndikhululukireni."

Anangokankhira mbale pafupi.

Ndinati Bismillah mokweza, ndinatema dzungu, ndinaika m'kamwa, dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Ramadhani, amuna a mzikiti wanga akundiyang'ana. Ndinamwera madzi, ndipo kumeza kwanga kunamveka wodi yonse. Wina anayang'ana kudenga, wina anayamba kuwerenga mikanda ya tasibihi. Che Wilisoni anasuntha pamalo paja n'kukaima pawindo. Ndinadya mpaka kumaliza. Sindinadyepo chakudya chachitali chotero.

Anatsanzika belu lotulutsa alendo lisanalire. Awiri anandigwira dzanja, mmodzi anati Mulungu ndiye mwini zonse. Che Wilisoni anangoti salamu ali chapakhomo. Zimene akanene kumudzi sindikuzidziwa. A Lameki, amene ankati agona tulo, anali akupukuta mphuno ndi bulangete.

Abiti Sumani anatola mbale, anaiyang'ana mkati, anaima nayo kanthawi.

"Zinapsa bwino, bambo a Rukaya? Ine sindinalawe."

Ndinati mchere unachepa.

"Analetsa adokotala," anatero. "Mawa mudyanso zomwezo."

Anakhala pansi pambali pa bedi, sanatuluke.